Papepala ndalama zimatsala, koma m'thumba mulibe: tikulakwitsa pati?

Mayi_Wosoka:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munadutsamo m'zimenezi. M'nyumba mwathu tilimo anthu asanu: ine, amuna anga ndi ana atatu, ndipo wamkulu ali ku sekondale. Amuna anga amalandira malipiro a pamwezi amene sanakwezedwe kwa zaka ziwiri tsopano. Ine ndimasoka zovala pakhomo, ndipo zimene ndimapeza sizidziwika, chifukwa mwezi wina ntchito imabwera, mwezi wina makina amangokhala chivindikirire. Kuti ndisatchule ndalama zenizeni, tiyerekeze kuti zonse zimene timapeza pamwezi ndi magawo 100. Lendi imatenga magawo 30, chakudya 40 (ndimawerengera magawo 10 pa sabata), mayendedwe 10, magetsi ndi madzi 8. Papepala pamatsala magawo 12, koma m'thumba simutsala kanthu, moti kuyambira chaka chatha takhala tikubwereka magawo 10 kwa munthu wa katapila mwezi uliwonse, n'kumabweza 12 malipiro akatuluka. Sitimwa mowa ndipo sitidya kunja. Kodi magawo 12 amenewa amalowera kuti?

Kalaliki_Wopuma:
Amayi, ndisanalankhule zambiri, taonaninso kawerengedwe kanu ka chakudya. Mwati magawo 10 pa sabata ndi 40 pamwezi, kutanthauza kuti mukutenga mwezi ngati masabata anayi. Masabata anayi kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi masabata 48, pamene chaka chili ndi masabata 52 ndi tsiku limodzi. Pali masabata anayi athunthu amene banja lanu limadya koma sanalembedwe pena paliponse. Amenewo ndi magawo 40 pachaka, kapena magawo opitirira pang'ono 3 mwezi uliwonse. Mwa magawo 12 anu aja, atatu tawapeza kale.

Mayi_Wosoka:
A Kalaliki, ndawerengera pakalendala ndipo n'zoona. Ndachita manyazi kuti zaka zonsezi sindinazione.

Kalaliki_Wopuma:
Palibe chochititsa manyazi, ndinagwira ntchito yolemba mabuku a ndalama kwa zaka zambiri ndipo ndinaona anthu ophunzira akupunthwa pamwala womwewu. Koma vuto lalikulu lili pena. Mndandanda wanu uli ndi zinthu zobwera mwezi ndi mwezi zokhazokha. Mulibe fizi, yunifolomu, mabuku, nsapato, mankhwala, kukonzetsa makina anu osokera, ngakhale ulendo wadzidzidzi wokaona wodwala. Zimenezi sizibwera mwezi uliwonse, n'chifukwa chake timazitcha zamwadzidzidzi, komatu zambiri mwa izo zimabwera chaka chilichonse mosaphonya. Mwana amakula phazi chaka chilichonse, ndipo sukulu zimatsegulira pa nthawi yodziwika. Banja lopeza zochepa liyenera kuwerengera chaka chonse, osati mwezi. Inuyo pachaka muli ndi magawo 1,200. Khalani pansi ndi bambo a kunyumba, mukumbukire zonse zikuluzikulu zimene munalipira m'miyezi 12 yapitayi, muziphatikize, kenako mugawe ndi 12. Chimene mupezecho ndi lendi yachiwiri imene mumalipira osadziwa. Mwezi umene simunaikhudze ndalama imeneyi musaganize kuti yatsala, ili ndi mwini wake, kungoti sanafike pakhomo.

Dzuwa_Salozerana:
Ine ndimatsatira njira ya 50/30/20 ndipo yandithandiza kwambiri. Theka la ndalama limapita ku zofunika, magawo 30 ku zimene mtima ukufuna, magawo 20 kusunga kapena kubweza ngongole. Yeserani imeneyi.

Nyerere_Yakuda:
Achimwene, mwawerenga bwino zimene amayiwa alemba? Zofunika zokha zikuwadyera magawo 88. Theka limenelo alitenga kuti?

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Ndikugwirizana ndi a Nyerere. Njira ya 50/30/20 inatchuka kudzera m'buku limene Elizabeth Warren analemba ndi mwana wake mu 2005, ndipo ankalembera mabanja a ku America opeza pakatikati. Siyoipa, koma imayamba ndi kuganiza kuti theka la malipiro likukwanira denga ndi mimba. Kale kwambiri, mu 1857, katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, atafufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama m'mabanja a anthu apantchito a ku Belgium, anaonetsa kuti banja likamasaukirasaukira, gawo la ndalama zake lopita ku chakudya limakulirakulira. Choncho magawo 40 a chakudya amene amayiwa atchula si chizindikiro cha kusakaza ayi, ndi mmene masamu a umphawi amayendera. Malangizo ambiri a kasungidwe ka ndalama amalembedwa ndi anthu amene chakudya chimawatengera kagawo kochepa, ndiye amakuuzani kuti musiye zinthu zimene inu simunazigulepo n'komwe.

Dzuwa_Salozerana:
Ndamva. Ndimakhala ndekha ndipo ndilibe ana, mwina n'chifukwa chake kwa ine imatheka.

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi katapila uja. Amayi, mukubwereka 10 n'kubweza 12, ndiye kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Poti mumabwerekanso mwezi wotsatira, ngongoleyo kwenikweni simunaibwezepo, mukungolipira magawo 2 mwezi uliwonse kuti ikhalepobe. Pachaka amenewo ndi magawo 24, kuposa kuwirikiza kawiri ndalama imene munatenga, ndiponso ndi chakudya cha masabata awiri ndi theka. Mutalephera kulipira, chiwongoladzanja n'kumaphatikizidwa ku ngongole mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka magawo 10 aja akhoza kufika pafupifupi 89. Pa zonse zimene mungachite chaka chino, palibe chimene chingakubwezereni ndalama zambiri kuposa kutseka dzenje limeneli. Ngakhale kusunga kudikire kaye, chifukwa palibe banki imene ingakupatseni 20 peresenti pamwezi.

Gogo_wa_Adzukulu_Asanu:
Mwanawe, ine masamu a peresenti sindiwatha, koma ndinalera ana asanu ndi mmodzi ndi malipiro a munthu mmodzi, ndiye ndinenako za kukhitchini. Ndalama zambiri sizithera m'chakudya chenichenicho ayi, zimathera pamoto. Nyemba uziviika m'madzi usiku wonse, m'mawa zimapsa msanga. Mphika usamakhale wosavindikira. Ndipo pali njira imene ndakhala ndikuchita zaka zambiri: ndimawiritsa nyemba mwamphamvu kwa mphindi 15, kenako ndimaphula mphika uli chivindikirire, n'kuukulunga m'bulangete lakale, n'kuuika m'dengu kapena m'katoni, pamwamba n'kuikapo pilo. Pakapita maola anayi ndimapeza zafewa, zikutenthabe, popanda moto wina uliwonse. Mpunga umangofunika kuwira mphindi zochepa, kenako theka la ola kapena kuposerapo m'bulangetemo. Chenjezo langa n'lakuti nyemba, makamaka zofiira, ziyambe zawira kwenikweni kwa mphindi zosachepera 10, apo ayi zimapweteketsa m'mimba, komanso usasiye chakudya m'menemo mpaka kuzizira. Ana anga ankandiseka kuti ndikugoneka mphika ngati khanda, koma lero akazi awo amachita zomwezo.

Wamagetsi_77:
Agogo anena zoona, ndipo ndiwonjezere monga munthu wa ntchito ya magetsi. Chilichonse chimene chimatenthetsa ndicho chimadya mayunitsi: mbaula, ketulo, simbi yositira. Ketulo ya mawati 2,000 ikayaka theka la ola yadya yuniti imodzi yathunthu, choncho wiritsani madzi okhawo amene mukufuna, ndipo zovala muzisita kamodzi pa sabata, zonse pamodzi. Anthu amakalipira ana chifukwa chotchaja foni, pamene foni imadya zochepa kwambiri. Pa mababu, babu lakale la mawati 60 limawala mofanana ndi la LED la mawati 9. Likamayaka maola asanu tsiku lililonse, lakale limadya mayunitsi pafupifupi 110 pachaka, la LED pafupifupi 16. Musasinthe onse tsiku limodzi, yambani ndi babu limene limayaka nthawi yaitali, kawirikawiri la pabalaza kapena la panja.

Nyerere_Yakuda:
Zonsezi ndi zabwino, koma ndiloleni ndinene mawu osakoma. Magetsi ndi madzi ndi magawo 8 okha. Ngakhale amayiwa ataphika m'bulangete mpaka bulangetelo litang'ambika, sangapulumutse magawo opitirira awiri kapena atatu. Pali malire a kudzimana. Pena vuto silikhala kasamalidwe, limakhala lakuti ndalamazo n'zosakwanira basi, ndipo tikamamuuza munthu kuti avindikire mphika timamusiya akudziimba mlandu pa chinthu chimene si kulakwa kwake.

Gogo_wa_Adzukulu_Asanu:
Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwanawe. Magawo awiri amenewo si omwewo akupita kwa wakatapila?

Nyerere_Yakuda:
Pamenepo mwandigwira, agogo. Komabe mfundo yanga sindikuisiya.

Kalaliki_Wopuma:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuumirira kuti ayambe alemba chaka chonse. Munthu sangadziwe ngati akufunika kusoka thumba kapena kupeza ndalama zina mpaka ataona kukula kwa chibowo. Chibowo chikakhala magawo atatu pamwezi, khitchini ikhoza kuchitseka. Chikakhala magawo 15, ndiye kuti nkhani yafika pa lendi, pa sukulu kapena pa ntchito, ndipo kukangana za mababu n'kutaya nthawi.

Tate_wa_Mapasa:
Palibe amene wanena za kugula mopikula. Sopo, mafuta ophikira, shuga ndi mchere zimatsika mtengo ukagula zambiri nthawi imodzi. Kugula tizidutswa tsiku ndi tsiku ndiko kumamaliza anthu.

Mlongo_Wachitatu:
Abambo, zimenezo aliyense amazidziwa, koma wopikula ndi amene ali ndi ndalama m'manja. Wosauka amalipira zambiri pa chinthu chomwecho chifukwa amagula kapaketi kakang'ono, amagula nsapato zotsika mtengo zimene zimang'ambika pa miyezi itatu, ndipo amabwereka kumene chiwongoladzanja n'chokwera. Ndiponso kupikula kuli ndi misampha yake. Ine ndinagulapo thumba lalikulu la nyemba, pofika mwezi wachitatu anankafumbwe anali atalowa, theka ndinataya. Shuga naye akakhala wambiri m'nyumba, supuni imakula. Ana amathira atatu m'malo mwa imodzi, ndipo mnansi akaona chitini chodzaza amabwera ndi kapu. Panopa ndikapikula ndimagawiratu m'timabotolo ta sabata imodzi imodzi, zotsalazo ndimakhomera m'kabati, ndipo nyemba ndimaziyanika kaye padzuwa ndisanazitsekere m'chigubu chosalowa mpweya.

Tate_wa_Mapasa:
Pa nkhani ya ndalama zoyambira, ife tinapanga chipereganyu ndi anzathu asanu a kuntchito. Aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi, mmodzi n'kutenga zonse, ndipo mwezi wanga ukafika ndi umene ndimapikula ndi kulipira fizi. Palibe chiwongoladzanja.

Mlongo_Wachitatu:
Chipereganyu n'chabwino anthu ake akakhala okhulupirika. Chathu chinatha pamene mayi wina amene analandira koyamba anasamuka mwezi wachiwiri osatsanzika, ndipo ine amene ndinali womaliza pamzere sindinaone kanthu. Ngati mulowa, lowani ndi anthu amene mukudziwa kumene amagona ndi kumene amagwira ntchito, ndipo watsopano azilandira kumapeto.

Namwino_Usiku:
Ndikupempha chinthu chimodzi kwa aliyense amene akuwerenga: pochepetsa ndalama, musakhudze mankhwala amene dokotala anakulemberani. Mlamu wanga, amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anayamba kumwa mapiritsi ake modumphitsa masiku kuti akhalitse, poona kuti sakumva kupweteka paliponse. Matenda amenewa nthawi zambiri sapweteka, n'chifukwa chake amanyenga. Anagwa m'bafa m'mawa wina, anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo mpaka lero dzanja lamanja silinabwerere bwinobwino. Ndalama zimene banja linawononga pa mayendedwe okha zikanagula mapiritsi a zaka zingapo. Chimene mungachite ndi kufunsa wogulitsa mankhwala ngati pali mankhwala omwewo opanda dzina la kampani yotchuka. Mphamvu yake imakhala yofanana, mtengo wake wotsika. Chimodzimodzinso chakudya cha ana: chepetsani zotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo, osati nyemba, mazira kapena masamba.

Kambalame_Kaulendo:
Ndifunse mosapsatira. Amayi, mukutsimikiza kuti mukudziwa malipiro enieni a amuna anu? Nthawi zambiri ndalama zosowa m'nyumba zimakhala zili m'thumba la bambo.

Mayi_Wosoka:
Pepala la malipiro ndimaliona mwezi uliwonse, ndipo ndine ndimasunga ndalama za m'nyumba. Amuna anga amayenda wapansi gawo lina la ulendo wa kuntchito kuti achepetse za basi. Ndikupempha kuti tisawaweruze.

Kambalame_Kaulendo:
Pepani amayi, ndinalankhula potengera zimene zinandionekera ine.

Tate_wa_Mapasa:
Koma funso la a Kambalame lili ndi mbali ina yofunika. M'mabanja ambiri mwamuna amatumiza kenakake kwa makolo ake mwakachetechete, mkazi nayenso amatumiza kwa ake mwakachetechete, aliyense akuopa kuti mnzake adandaula. Si kuba ayi, ndi chifundo, koma bajeti siidziwa chifundo chobisika.

Nyerere_Yakuda:
Achibale ndiwo amagwetsa bajeti kuposa china chilichonse. Ine ndinaphunzira kukana, ndipo sindipepesa.

Gogo_wa_Adzukulu_Asanu:
Kupatsa n'kuika, a Nyerere. Tsiku limene mudzagone m'chipatala, bajeti sidzabwera kudzakudikirirani. Munthu wopeza zochepa alibe inshuwalansi ina koma anthu ake. Ine sindinakanepo m'bale, koma sindinalolenso kuti m'bale andiuze kuchuluka kwa zimene ndipereke.

Kalaliki_Wopuma:
Mawu omaliza a agogowo ndi amene ine ndimachita. Kumayambiriro kwa chaka, ine ndi akazi anga timagwirizana kuti chaka chino achibale a mbali zonse ziwiri tiwathandiza ndi ndalama zakutizakuti, ndipo timaziika mu envulopu yakeyake. Wina akapempha timatapa mmenemo, ndipo ikatha timanena zoona kuti yatha. Poyamba ena anatitcha akaligwiritsa. M'kupita kwa nthawi anazolowera, moti mng'ono wanga tsopano amayamba wafunsa ngati mu envulopu muli kanthu. Maenvulopu otere tili nawo asanu: sukulu, matenda, zovala, zokonzetsa ndi achibale. Amene amaopa kusunga ndalama m'nyumba akhoza kuziika ku akaunti ina imene khadi lake sayenda nalo, bola ayambe wafunsa ndalama zimene amadula posunga ndi potapa, chifukwa pa ndalama zochepa zodulazo zimapweteka. Lamulo lathu ndi limodzi: envulopu ya matenda sibwereketsa kwa inzake. Chakudza sichiimba ng'oma.

Dzuwa_Salozerana:
Kodi moyo wotere suli wowawa kwambiri? Munthu kumawerengera chilichonse chaka chonse popanda kokondwerako?

Mlongo_Wachitatu:
N'wowawa ndithu, ndipo amene amadzimana kotheratu amadzaphulika tsiku lina n'kuwononga za mwezi wonse pa tsiku limodzi. Ine ndimapatula gawo limodzi pa 100 la chisangalalo, ndipo ana ndiwo amasankha chochita nalo. Kagawo kameneka sindikakhudza ngakhale zitavuta, chifukwa ndi kamene kamachititsa ana kuvomera zina zonsezo popanda kunyinyirika.

Mayi_Wosoka:
Ndabweranso patapita masabata asanu ndi limodzi kuti ndikuuzeni zimene tapeza. Tinakhala pansi ndi amuna anga usiku utatu, ana atagona, tili ndi kope ndi malisiti amene ndinawapeza m'chitini cha mabatani. Pa chaka chathachi, sukulu inatenga magawo 90, matenda 30, zovala ndi nsapato 30, kukonzetsa makina ndi zina 14, achibale 36. Pa achibalepo a Tate_wa_Mapasa analosera, tonse awiri tinkatumiza mobisa, ndipo titaululirana tinangoseka. Mayunitsi a foni, amene sindinawatchule n'komwe poyamba paja, anatenga 36, ndipo ambiri anali anga. Kuphatikiza masabata anayi a chakudya aja, 40, ndi katapila, 24, zonse zakwana magawo 300, pamene otsala athu pachaka ndi 144. Chibowo ndi magawo 156, kapena 13 mwezi uliwonse. Ndinadabwa kuti tinkakhala bwanji, mpaka tinakumbukira kuti tinagulitsa njinga ndi wailesi yakanema, tili ndi ngongole ya lendi ya mwezi umodzi, ndipo sabata yomaliza ya mwezi ine ndi bambo timadya kamodzi patsiku.

Katapila tamutseka. Ndinapeza ntchito yosoka mayunifolomu khumi, ndipo ndalama yake yonse ndinakapereka tsiku lomwelo ndisanalowe m'nyumba, kuopa kuti mtima ungasinthe. Mayunitsi a foni tawadula ndi theka, achibale tagwirizana magawo 24 pachaka, ndipo mphika wa agogo uja ukugona m'bulangete, moti magetsi atsika ndi magawo pafupifupi awiri mwezi uno. Zonsezi zikapitirira, tipulumutsa magawo 78, lomwe ndi theka lenileni la chibowo. Theka linalo likadalipo, choncho a Nyerere nawonso sananame.

Tsopano pali nkhani iyi. Tapeza nyumba ya magawo 24 m'malo mwa 30, koma ili kutali, moti mayendedwe akwera ndi magawo anayi, ndipo makasitomala anga onse ali kuno. Kodi tisamuke?

Mphunzitsi_wa_Masamu:
Phindu lake ndi magawo awiri pamwezi, 24 pachaka, musanachotse ndalama zosamukira ndi lendi yolipiriratu. Mukataya makasitomala awiri kapena atatu okhazikika, phindulo latha. Ine sindingasamuke.

Nyerere_Yakuda:
Inenso ayi. Koma mayunifolomu khumi aja andipatsa chidwi. Munawapeza bwanji, ndipo sukuluyo ili ndi ana angati? Magawo 78 otsalawo ine ndikuwaona pamakina anu, osati pa lendi.

Mayi_Wosoka:
Anandipatsa ndi mayi wina amene telala wake anamukhumudwitsa, ndipo makolo ena anatsatira. Sindinapiteko kusukuluko kukadzionetsa, ndimachita manyazi kupempha ntchito. Amuna anga akuti andiperekeza Lolemba, ndipo ndasoka kale malaya amodzi ndi siketi imodzi zokaonetsa. Chimene sindikudziwa ndi chakuti ndikawauze mtengo wotani ngati atafuna ambiri, poti nsalu ndiyenera kugula ndekha ndipo ndalama yoyambira ndilibe.

Tate_wa_Mapasa:
Muwauze kuti alipiriretu theka, ndipo thekalo likwanire nsalu, ulusi ndi mabatani. Musadule nsalu ya munthu amene sanapereke kanthu, ndipo musabwerere kwa wakatapila kukatenga ya nsalu, ngakhale oda itakula bwanji.